Mutu 6: Makombola m'ng'anjo ya nsomba

1. Pansi pa benchi

Tsiku lomaliza la chaka linacha ndi mitambo ku Bangula. Mvula sinagwe, dzuwa silinatuluke, koma thukuta linali kamukamu monga mwa masiku onse a kuchigwa kuno.

Fanizo, mnyamata wa Fomu 2, anali pa holide. Koma holide ya mwana wa a Sebastiano sinali yogona mpaka dzuwa kuswa mtengo. Bambo akewo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu kumsika, ndipo Fanizo ankawathandiza kupopa matayala ndi kumata machubu.

M'mawa umenewo a Sebastiano anali atawerama, akumanga masipoko a njinga ya kabaza, pamene kumbuyo kwawo kunamveka kuti phuu!

Munthu wamkulu uja, wa ndevu zake ndi ana ake awiri, anataya sipanala n'kudziponya pansi pa benchi. Anagona chafufumimba m'fumbi, manja ataphimba kumutu.

Msika wonse unafa nalo phwete. Akabaza anaseka, amayi ogulitsa tomato anaseka. Amene anaseka mpaka kugwira m'mimba anali Alick, mnzake wa Fanizo wa ponda apa nane mpondepo, yemwe ndiye anaponya kombola limene linaphulikalo. Ndipo tinene zoona, ngakhale n'zochititsa manyazi: Fanizo naye mano anaonekera.

A Sebastiano anadzuka pang'onopang'ono n'kusasa fumbi. Alick anali atalowerera kale m'chigulu cha anthu. Choncho mkwiyo wonse unagwera amene anali pafupi.

"Ukuseka ninji, mphale?" anafunsa motero, Chisena chikutulukira monga chinkachitira akapsa mtima. "Ukuseka bambo ako? Khala apo ndikuuze!"

Fanizo anakhala pabokosi la zitsulo, mutu uli zyoli.

"Ine ndinawoloka Shire ndili wamng'ono kuposa iwe, amayi atandigwira mkono, mfuti zikulira kumbuyo kwathu. Phokoso limene inu mukuchita kuligula kuti musangalale, ife tinalithawa opanda nsapato. Mutu wanga umadziwa kuti nkhondo ya ku Mozambiki inatha kalekale, koma maondo angawa sadziwa. Ndipo si ine ndekha. M'Bangula muno muli nkhalamba zambiri zimene lero zidzitsekera m'nyumba, mitima ikugunda, chifukwa cha masewera anuwa.

"Koma za ine zisiye, ndisekeni. Imva za iwe. M'kati mwa kombola muli wonga, ndipo wonga sudziwa kuti uyu ndi mwana, sudziwanso kuti lero ndi chikondwerero. Ukaliyatsa lili m'manja, zala zimapita. Likakana kuphulika n'kupita kukalisuzumira, limachita kukudikira ufike. Ukaliika m'botolo, magalasi amaulukira ngakhale munthu wongodutsa. Nato timawaya tija tothetheka moto, timene mumapatsa makanda kuti azizunguza, timaboola khungu. Tikazima timakhala tikadali moto, mwana n'kupondapo ndi phazi. Malo ake ndi m'ndowa ya madzi, osati pansi.

"Tayang'ana msika uwu. Madenga a udzu, petulo wa m'mabotolo, matumba a makala. Ofuna makombola apite kubwalo la mpira, ayatse ndi akuluakulu, ana aime kutali, ndowa ya madzi ili pambali. Si zinthu za ana, si zosunga m'nyumba, ndipo si zoyandikiza pamoto.

"Chaka chatha unatentha khola la mbuzi la eni ake, n'kukapepesa ine ngati wolakwa ndine. Chaka chino ndikangoona kombola limodzi m'manja mwako kapena pakhomo panga, ukulongedza. Upita kwa azakhali ako ku Makhuwira, sukulu ukapitiriza konko. Timu yako ya mpira ija ndi anzako ajawa uwaiwale. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Pakamwa panavomera, koma mtima unali kwina. Fanizo anali atagulitsa kale nkhunda zake zonse n'kugula jumbo yodzaza makombola, ena ongophulika, ena a timitengo aja owuluka kumwamba. Jumboyo anaibisa kuseri kwa matumba a makala kunyumba. Iye ndi Alick anali atapangana kuti chaka chikamalowa, Bangula yense adziwe kuti kuli anyamata. Chosamva anachiphikira m'masamba.

2. Jumbo m'beseni

Amayi a Fanizo, a Otilia, ankawamba nsomba n'kumakagulitsa kumsika. Kuseri kwa nyumba kunali ng'anjo yawo ya njerwa, yolekeza m'chiuno. Pamwamba pake panali waya woyalapo nsomba, ndipo m'munsi munali khomo laling'ono loikira nkhuni.

Moto wa m'ng'anjomo unali ntchito ya Clotilda, mlongo wake wamkulu wa Fanizo, yemwe anali atamaliza Fomu 4. Fanizo ankamutchula kuti mana, monga anyamata a kwawo amatchulira achemwali awo. Awiriwa ankakondana, koma chikondi chake chinali chokhalira kulumana ngati tiana ta galu.

Masana Fanizo atafika kudzadya, anapeza Clotilda ataima pafupi ndi beseni la madzi otsukira nsomba. M'manja mwake munali jumbo ija.

"Ndimati nditenge makala, ndapeza alendo," anatero Clotilda. "Izi n'zandani?"

"Mana, ndipatseni. Si zanu."

"Pafupi ndi makala, Fanizo? M'nyumba mogona anthu? Mutu wako ukuyenda bwino?"

"Ndati ndipatseni! Ndinagulitsa nkhunda zanga zonse kuti ndigule zimenezo!"

"Ukanadya nkhundazo bwenzi utanenepako. Taona miyendo ngati bango."

Asanayankhe, Clotilda anaviika jumbo m'beseni muja kuti khuvu, n'kuipondereza ndi dzanja. Kenako anaitulutsa ikudontha madzi a mamba a nsomba, n'kukaiponya kudzala.

Ukali unamugwira Fanizo. Maso anafiira kuti psuu, mawu akutuluka moduladula.

"Ndinu oipa mtima! Mukufuna tonse tizinunkha utsi ngati inuyo? Muona!"

"Ndiona chiyani? Ababa sindiwauza, chifukwa sindikufuna upite ku Makhuwira. Koma nkhani ya makombola yathera pompano. Ukadzakula udzandithokoza."

Clotilda ananyamula ndowa n'kupita kumjigo. Anali atamuchitira chifundo mlongo wakeyo, koma mtima wokwiya suona chifundo. Fanizo anangoona nkhunda zake zitamira m'madzi a nsomba.

Anathamangira kudzala n'kutola jumbo ija. Atamasula anapeza kuti mfundo inali yothina, ndiye madzi sanalowe ambiri. Makombola anali atangochita chinyezi. Anayang'ana kumwamba, koma mitambo inali bii, dzuwa loti n'kuyanikapo kanthu panalibe.

Nthawi yomweyo mutu wa Alick unatulukira pampanda wa bango.

"Akulu aja akadakwiyabe?" anafunsa akuseka. Ataona makombola aja, chiseko chinatha. "Aaa, mwana iwe, watipha! Ndauza kale anyamata onse. Tiwauza kuti chiyani, kuti achemwali ako anakulanda ngati khanda?"

"Anyowa pang'ono chabe. Koma dzuwa kulibe."

"Dzuwa la chiyani? Kwanu kuno chinthu chikanyowa mumaumitsa pati?"

Onse awiri anayang'ana ng'anjo.

Pakhomo pa a Otilia chilichonse chonyowa chinkaumira m'ng'anjo. Nsapato za kusukulu zinkaumira momwemo, machesi momwemo, ngakhale makope a Fanizo chaka chija madzi osefukira analowa m'nyumba anaumira momwemo. Kwa mwana wokulira pakhomopo, ng'anjo yozima inali dzuwa lachiwiri. N'chifukwa chake maganizo opusawo sanamveke opusa m'mutu mwake.

Nsomba za tsikulo zinali zitawambidwa kale m'mamawa, ndipo a Otilia anali atanena kuti ntchito yatha mpaka chaka cha mawa. Fanizo anagwada n'kupisa dzanja m'khomo la ng'anjo. Phulusa linali lofunda bwino, moto munalibe. Anakankhira njerwa mkati, kumapeto kwenikweni kumene kunali mdima, n'kusanja makombola onse pamwamba pake.

"Pofika madzulo akhala ali gwa," anatero Alick. "Uli ndi nzeru iwe."

3. Dengu la milamba

Chakumadzulo a Sebastiano anaweruka msanga n'kudzakhala pakhonde. Fanizo anali pambali pawo akupukuta masipanala, maso akuba kuyang'ana kung'anjo. Ankangodikira kuti anthu atanganidwe kuti akatulutse katundu wake.

Koma tsoka silinunkha. Pampanda panaima njinga, ndipo anatsikapo a Lazaro, msodzi wa kudambo amene ankabweretsera a Otilia nsomba. Pakaliyala panali dengu lodzaza milamba.

"Mayi, ndithandizeni," anatero a Lazaro. "Ogula onse athawira ku zikondwerero. Kutentha kumeneku nsombazi sizifika mawa. Tengani, tidzakambirana mukagulitsa."

A Otilia anatembenuza mlamba umodzi, kenako wina. Inali yonenepa, yoti munthu wodziwa nsomba sangaibweze.

"Tsitsani," anatero. Kenako anaitana. "Clotilda! Kolezanso moto m'ng'anjomo, mwanangu. Ine ndiyambe kutumbula."

Sipanala inagwa m'manja mwa Fanizo. Anaimirira msangamsanga.

"Amayi, ndikoleza ine."

Onse anamuyang'ana. Fanizo anali asanadziperekepo pa ntchito ya ng'anjo chibadwire.

"Iwe?" anatero a Otilia. "Moto wako ndi wa malawi, umapsereza nsomba. Usandiwonongere katundu wa eni."

"Ndingochotsamo phulusa basi."

"Phulusalo n'lochepa, lisiye," anadula a Sebastiano. "Amako akufunika madzi. Tenga zigubu upite kumjigo."

Apa ndi pamene Fanizo anayenera kuyankhula. Mawu ake anali ochepa, oti ngakhale mwana wa Sitandade 1 akanawatha: musayatse, muli makombola. Anatsegula pakamwa. Anayang'ana bambo ake, n'kuona Makhuwira.

Clotilda anadutsa pafupi naye atanyamula mtolo wa nkhuni. Anamugunda ndi chigongono n'kumunong'oneza monyodola.

"Bwanji lero wakonda moto? Ukufuna machesi okayatsira nyansi zako zija za kudzala? Pepa, bambo a nkhunda."

Pakamwa pa Fanizo panatsekeka. Mkwiyo wa masana uja unabwerera wonse. "Asiye amudzidzimutse," anadziuza. "Ndi onyowa aja, angochita fuu. Aphunzire kugwira zinthu za eni."

Ananyamula zigubu n'kutuluka. M'njira ankadzinamiza kuti kutumbula nsomba kumachedwa, kuti abwerera moto usanayake. Limeneli linali bodza, ndipo ankalidziwa. Mwana aliyense wa pakhomopo ankadziwa kuti moto ndiwo umayamba, kuti pofika nthawi yoyala nsomba malawi akhale atatha, patsale utsi.

Ankadziwanso kakolezedwe ka Clotilda. Khomo la ng'anjo linali pansi, ndiye iye ankagwada, n'kutsitsa nkhope mpaka pakhomopo, n'kumauzira ndi pakamwa.

Atakumbukira zimenezi, anaima. Anataya zigubu panjira n'kuliyatsa liwiro kubwerera.

Anafika pampanda ali wefuwefu. Utsi woyamba unali utayamba kale kukwera pawaya. Clotilda anali atagwada, manja pansi, nkhope ili pakhomo la ng'anjo, masaya atatupa ndi mpweya. A Sebastiano anali ataima chapafupi akuthandiza a Lazaro kumasula dengu.

Mpata unalipobe. Fanizo akanakuwa, Clotilda akanadzutsa mutu. Koma anaonanso bambo ake aja, n'kumeza mawu kachiwiri. Anayamba kuyenda chozemba kuti akamukoke mlongo wake mwakachetechete, nkhani isamveke.

Sanafike.

4. Mazira ndi mafuta

Ng'anjo inabangula. Phuu! Pha-pha-pha-pha! Waya wa pamwamba unadumpha, njerwa zina zinagwa, phulusa linati kobo. Makombola owuluka aja analibe njira yopitira kumwamba. Njira inali imodzi yokha, ya pakhomo, pamene panali nkhope ya Clotilda.

Mtsikanayo anagwa chagada, manja kumaso, akukuwa kukuwa kumene Fanizo anali asanakumvepo.

Maondo a bambo ake anawagwetsa pansi monga m'mawa muja. Koma ulendo uno sanaphimbe mutu. Anakwawa kulunjika kumene kunali phokosoko, makombola akadaphulikabe, n'kumugwira mwana wawo m'khwapa kumukokera kutali. Nsonga ya chitenje chake inali ikuyaka. A Otilia anakhuthulirapo beseni lonse la madzi.

Posakhalitsa pakhomo panadzaza. Anthu analowa pachipata, ena anachita kuthyola mpanda, ndipo aliyense anabwera ndi udokotala wake.

"Muswereni mazira pamenepo!"

"Ayi, mafuta ophikira!"

"Mankhwala otsukira mano ndiye amazizira msanga!"

Mayi wina wa mwana kumsana anagwada pafupi ndi Clotilda n'kuyamba kumasula bulauzi. "Mutsegulitseni maso ndimufinyire mkaka, phulusalo lituluka."

"Chokani apo! Nonse, chokani!"

Anali a Priska, mlangizi wa zaumoyo amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Anabwera opanda nsapato, atanyamula ndowa ya madzi a pamjigo. Anakankha dzanja la bambo amene anali atagwira kale dzira.

"Mukufuna kumukazinga mwanayu? Mazira, mafuta, kwatsala anyezi basi! Ndipo inu mayi, mkakawo ndi wa mwana wanu, si mankhwala a m'maso. Mangani bulauziyo."

Anagwada, n'kuchotsa manja a Clotilda kumaso mofatsa, n'kuuza a Otilia kuti awagwire. Anayamba kuthira madzi pang'onopang'ono pamasaya, pakhosi ndi pamikono, akuteteza maso ndi chikhatho. Pakamwa pawo sipanapume.

"Mverani nonse, chifukwa lero ndi tsiku lake, ndipo uyu sakhala womaliza. Munthu akapsa, mankhwala oyamba ndi madzi oyera ozizira. Muzithira osaleka, mpaka mkono utope, wina alandire. Mafuta ndi mazira anuwo amatsekera kutentha m'kati, amalowetsanso matenda pabala. Nsalu ikamatirira pakhungu musaimatule. Matuza musawaboole. Koma diso ndi nkhani ina. Likalasidwa ndi kombola musalitikite, musalitsuke, musayese kuchotsa chimene chalowamo, kaya ndi chala kaya ndi lilime. Phimbani ndi nsalu yoyera mosathinitsa, n'kuthamangira kuchipatala.

"Chaka ndi chaka timalandira ana opanda zala, ana oboola milomo, ana opsa kumapazi. Wogulitsa amagulitsa kwa mwana wa zaka zisanu osafunsa n'komwe. Makolo mumaona n'kumaseka, mukuti ndi nyengo yake. Chikondwerero chimatha tsiku limodzi, koma chipsera munthu amakalowa nacho m'manda. Ndatopa nazo ine! A Lazaro, mwaima chiyani? Kwerani njingayo mukapeze galimoto kusiteji!"

A Lazaro anapalasa ngati akuthamangitsidwa. A Priska anatenga nsalu yoyera n'kuyala mopepuka kumaso kwa Clotilda. Mtsikanayo anali atasiya kukuwa, akungobuula.

Fanizo anali ataima pomwe paja. Palibe amene anamuyang'ana.

5. Mwini makombola

A Sebastiano anapita kung'anjo. Pakati pa njerwa ndi phulusa panali timapepala tofiira ndi timitengo topserera. Anatola kamodzi n'kukanunkhiza. Nkhope yawo inasintha.

"Makombola," anatero motsitsa. Kenako anakuwa. "Makombola! Mbani? Ndani wandichita izi pakhomo panga?"

"Ndinamuona Alick masana atasuzumira pampandapa," anatero mayi wa mkaka uja.

"Yemwe uja wa kumsika m'mawa!" anavomereza wina. "Mwana ameneyu watikwana. Lero aone."

A Sebastiano sanafunsenso. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pampu ya njinga, yachitsulo ija. Amuna angapo anawatsatira, wina atazula bango pampanda. Kwa Alick kunali pafupi, ndipo gulu lokwiya silifunsa mafunso.

Clotilda ankamva zonsezi. Ankadziwa bwino mwini wa makombolawo, koma ngakhale ali mu ululu wotero sanatchule dzina. Ichi ndicho chinamuthyola Fanizo.

Anathamanga n'kukaima pachipata, kutsekereza bambo ake.

"Ababa, si Alick."

"Choka apo."

"Si Alick, ababa. Makombolawo ndi anga. Mana anawaviika m'madzi, ine n'kukawatola kudzala. Ndinawaika m'ng'anjo kuti aume. Alick anangonena, koma anaika ndine."

Amuna aja anatsitsa mabango awo. Dzanja la a Sebastiano, lija linagwira pampu, linakwera m'mwamba n'kuima momwemo.

Amene anayamba kuyankhula anali a Otilia. Sanadzuke pamene anagwada, sanasiyenso manja a Clotilda. Mawu awo anali otsika, ndipo kutsikako kunapweteka kuposa kukalipa.

"Fanizo, pamene ndimamutuma mlongo wako kuti akoleze moto, unali pompano?"

"Eya, amayi."

"Unamva?"

"Ndinamva."

"Ukudziwa kuti m'ng'anjomo muli chiyani?"

Fanizo anavomera ndi mutu, misozi ikutsika.

"Kugula makombola ndingati n'chibwana. Kuwaika m'ng'anjo ndingati n'kupusa, ndipo opusa timakhala nawo. Koma kuima apo, pakamwa uli napo, n'kumamuyang'ana mwana wobadwa naye mimba imodzi akutsitsa nkhope pamoto? Zimenezo sindikudziwa dzina lake. Mwana uyu anakubereka kumsana ine ndili kumsika. Lero lomwe wakubisira mlandu kwa bambo ako. Iwe wamubwezera chiyani?"

"Ndimaopa ku Makhuwira," anatero Fanizo akusisima. "Ndipita, ababa. Ndilongedza lero lomwe."

"Makhuwira?" A Sebastiano anaponya pampu ija pansi mwamphamvu mpaka inapindika. "Ukuganiza kuti nkhani ikadali ya Makhuwira? Ukanandiuza, bwenzi nditakukalipira, mwina kukumenya, mwinanso kukutumiza kumene. Ukanalira sabata imodzi. Wasinthanitsa nkhope ya mlongo wako ndi mpira, mphale!"

Panja panalira hutala. A Lazaro anali atapeza galimoto ya lole yaing'ono yonyamula nsomba. Anthu anayala mphasa kumbuyo kwake, ndipo a Sebastiano ndi a Priska anamunyamula Clotilda mosamala. A Otilia anakwera n'kuika mutu wa mwana wawo pamiyendo.

"Fanizo ali kuti?" anafunsa Clotilda ndi mawu ofooka. "Ababa, musamumenye."

"Ndili pano, mana."

Anali ataima kumbuyo kwa galimotoyo, pafupi kwambiri moti akanatha kumugwira phazi. Clotilda anasolola dzanja limodzi, ndipo a Priska asanamuletse, anakweza nsalu ija pang'ono. Zikope zotupa zinatseguka movutikira. Anatembenuzira nkhope uku, kenako uko, n'kumudutsa Fanizo ngati palibe munthu.

"Pano pati? Sindikukuona. Amayi, kodi kwada kale?"

Kunja kunali kukadawala, nkhuku zikadapalasa pabwalo.

A Priska anabwezeretsa nsalu ija mwachangu. "Kungakhale kutupa chabe," anatero, koma sanayang'ane aliyense m'maso. "Akatiuza ndi adokotala. Adalaivala, tiyeni!"

Fanizo anabwerera m'mbuyo kuti galimoto idutse. Dzanja la bambo ake linamugwira pakolala ya malaya n'kumukankhira kutsogolo.

"Ukupita kuti? Kwera."

"Ababa, ine..."

"Ndati kwera! Mugwire dzanja mlongo wako, ndipo usalisiye. Kuyambira pano maso ake ndiwe, mpaka adokotala atiuze ngati akewo abwerere."

Fanizo anakwera. Anagwira dzanja la Clotilda, lonyowa ndi lotentha, ndipo galimoto inanyamuka kulowera kuchipatala. Kumsika kuja anyamata anali atayamba kale kuphulitsa makombola.